Kodi makina angamve zimene zili mu ubongo wa munthu?

Msuweni wanga ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp usiku wina nditagona kale. M'kavidiyomo munali mnyamata wa ku America atakhala pa chikuku, manja ali lende, koma akusewera chess pa kompyuta osaigwira. Pansi pake analembapo kuti, "Achimwene, taonani izi. Kodi abambo sangawaike kachipangizo kotereka kuti ayambenso kuyankhula?"

Bambo akewo ndi amalume anga a ku Chinamwali. Sitiroko inawagwira chaka chatha m'mawa, akumanga nsapato kuti apite kumunda. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo mawu anapita nawo limodzi. Munthu amene ankaimira banja lathu pa zinkhoswe ndi pamaliro, amene akatsegula pakamwa bwalo lonse limati zii, lero watsala ndi liwu limodzi lokha, "eya". Akafuna madzi amati eya. Akakana phala amatinso eya, uku akupukusa mutu, misozi ili lengelenge. Choncho funso la msuweni wangayo sindinalitenge mwachibwana, ndipo silinali loti ndingoliyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Mnyamata wa m'kavidiyoyo ndi Noland Arbaugh. Anavulala khosi posambira mu 2016 ndipo thupi lake linafa kuyambira m'mapewa kutsika. Mu January 2024 anakhala munthu woyamba kuikidwa kachipangizo ka kampani ya Neuralink, ya Elon Musk. Madokotala anaboola chibade n'kuikamo kanthu kakakulu ngati kobiri, kokhala ndi timaulusi 64 tolowa mu ubongo, ndipo pa timaulusito pali timalo 1,024 tomvera magetsi. Zimene zili m'kavidiyomo si zopeka. Koma anthu akamazifotokozerana amati "makina owerenga maganizo", ndipo apa ndi pamene nkhani imasokonekera, ena n'kuyamba kuyembekeza zozizwitsa, ena n'kumati ndi zamatsenga.

Ubongo uli ndi maselo otumizirana mauthenga pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse likamatumiza uthenga limatulutsa kamphamvu kakang'ono ka magetsi. Munthu woyamba kujambula magetsi amenewa pamutu pa munthu anali dokotala wa ku Germany, Hans Berger, mumzinda wa Jena mu 1924, ndipo anasindikiza zimene anapezazo mu 1929. Njira yake ndi imene lero imatchedwa EEG: amamata timabatani tachitsulo pakhungu la mutu, timawaya n'kupita ku makina amene amajambula mizere yokwera ndi kutsika. Magetsiwo ndi ofooka zedi. Batire limodzi la tochi limawaposa mphamvu maulendo 15,000 kapena kupitirira apo.

Chimene kabatani kamodzi kamamva si selo limodzi ayi. Pakati pa kabataniko ndi ubongo pali khungu, fupa ndi madzi, kotero kamamva phokoso la maselo mamiliyoni pamodzi. Zili ngati munthu amene waima kuseri kwa tchalitchi Lamulungu. Sangamve zimene mayi wakuti akunong'oneza mnzake pa benchi yachitatu. Koma mpingo wonse ukaimirira n'kuyamba nyimbo imodzi, amamva bwinobwino ngakhale kugunda kwake. Nyimbo ikatha, aliyense n'kuyamba kupatsana moni ndi mnzake, chimene chimamufika ndi kulongolola kosamveka mutu wake.

Berger anaona chinthu chofanana ndi chimenechi. Munthu akatsinzina n'kukhala phee, kunkhongo kwake kumatuluka mafunde ooneka bwino, okwera ndi kutsika maulendo 8 mpaka 13 pa sekondi. Anawatcha mafunde a alpha. Munthuyo akangotsegula maso, mafundewo amachepa. Maselo akakhala opanda chochita amaimba nyimbo imodzi, ntchito ikabwera amabalalika aliyense kukagwira yake. Mfundo imeneyi ndiyo mwala wapangodya wa makina ambiri amene tikukambawa.

Pamwamba pa mutu, kuchokera cha kukhutu lina kukafika kukhutu linzake, pali chigawo cha ubongo cholamulira ziwalo. Mbali yakumanzere imalamulira thupi lakumanja, yakumanja imalamulira lakumanzere. Amalume anafa mbali yakumanja chifukwa mtsempha unatsekeka kumanzere kwa ubongo. Tsono chigawo chimenechi nachonso chili ndi nyimbo yake yapopuma. Ukagwedeza dzanja lamanja, nyimboyo imazilala kumanzere kwa mutu. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale osaligwedeza, kungoganizira mwamphamvu kuti ukufinya chinthu ndi dzanjalo, nyimboyo imazilalabe. Gert Pfurtscheller ndi anzake ku Graz, m'dziko la Austria, anathera zaka zambiri akufufuza zimenezi. Ndiye ngati kompyuta ingathe kuzindikira mbali imene nyimbo yazilala, munthu wakufa ziwalo angathe kuiuza "kumanzere" kapena "kumanja" osasuntha chala. Dzina la luso limeneli, la kulumikiza ubongo ndi kompyuta, anayamba kuligwiritsa ntchito Jacques Vidal wa pa yunivesite ya UCLA mu 1973.

Ntchito yeniyeni ya kompyuta pamenepa ndi kusankha, monga mmene amasankhira nsomba pamsika. Taganizani mayi wogulitsa nsomba zouma mumsika wa Zomba amene wabwera ndi mwana wake kuti amuphunzitse geni. Sayamba ndi kumufotokozera zambiri. Amatola kansomba n'kunena kuti "matemba awa, a ku Chilwa", kenako kena, "uyu ndi usipa". Akachita zimenezi kambirimbiri, mwanayo amayamba kuona yekha kuti kusiyana kuli pa kutalika, pa kunenepa kwa thupi, pa maonekedwe a mamba. Tsiku lina amupatsa kansomba kamene sanakaonepo, iye n'kutchula dzina lake molondola.

Kompyuta imaphunzitsidwa chimodzimodzi. Munthu amavala chipewa cha timabatani n'kukhala patsogolo pa sikirini. Muvi ukaloza kumanzere, amaganizira dzanja lamanzere kwa masekondi angapo, ukaloza kumanja amaganizira lamanja. Amabwereza zimenezi maulendo ambirimbiri mpaka kutopa, ndipo kachidutswa kalikonse ka mizere ija kamasungidwa ndi dzina lake. Mizereyo isanaphunziridwe imayamba yasefedwa ngati ufa. Magetsi a m'nyumba zathu kuno amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo timawaya timatola kulira kwake, choncho kumayenera kuchotsedwa. Kuphethira kamodzi kokha kumatulutsa magetsi oposa a ubongo kutalitali. Kukukuta mano, kumeza malovu, kugwedeza khosi, zonsezi ndi madeya ofunika kupeta. Pa zotsalazo kompyuta imayeza zinthu zochepa, monga mphamvu ya mafunde kumanzere poyerekeza ndi kumanja, kenako imafunafuna malire olekanitsa milu iwiriyo. Njira zakale zimangojambula mzere wowongoka pakati pa miluyo, ndipo mpaka lero zimagwira ntchito bwino ndithu. Njira zatsopano, zimene anthu akuzitcha AI, zimadzipezera zokha zoti ziyeze, koma zimafuna zitsanzo zochuluka kwambiri, pamene munthu wodwala sangakhale pampando tsiku lonse akupereka zitsanzo.

Pali msampha umodzi umene ndimafuna aliyense wowerenga nkhani za makinawa aziudziwa, makamaka achinyamata athu a ku Chanco amene ayamba kusewera ndi mapulogalamu otere. Tiyerekeze kuti mayi uja nthawi zonse amaika matemba m'dengu ndipo usipa amauika m'beseni. Mwana akhoza kumakhoza tsiku lililonse, mayi ake n'kumanyadira, chonsecho iye akuyang'ana chotengera osati nsomba. Tsiku limene nsomba zidzathiridwe pa thumba limodzi ndi pamene zidzadziwike kuti sanaphunzire kanthu. Kompyuta imachita zomwezo. Ngati munthu amatembenuzira maso kumanzere nthawi iliyonse imene muvi waloza kumanzere, kompyuta imaphunzira maso, osati ubongo. Ndipo wofufuza akaiyesa ndi zitsanzo zomwe zija anaiphunzitsira, kapena zotengedwa mphindi yomweyo, ndiye kuti waipatsa likasa. Idzakhoza 99 pa 100, koma mawa ikakumana ndi munthu weniweni idzagwa chagada. Muzikumbukiranso kuti posankha pakati pa zinthu ziwiri, ngakhale wongolota amakhoza theka. Wina akanyadira kuti makina ake amakhoza 60 pa 100, ndiye kuti angoposa pang'ono kuponya kobiri m'mwamba. Ambiri mwa akatswiri amati pamafunika 70 pa 100 kuti munthu ayambe kulankhulirapo zomveka.

Vuto lina n'lakuti ubongo sukhala chimodzimodzi. Mizere ya munthu mmodzi imasiyana ndi ya mnzake, ndipo ya munthu yemweyo imasintha akagona mochedwa, akadwala mutu, ngakhale chipewa chikangosendera pang'ono. Nthawi zambiri makina amayenera kuphunzitsidwanso asanayambe ntchito ya tsikulo. Munthunso amaphunzira: akaona kadontho pa sikirini kakupita kolakwika amasintha kaganizidwe kake mpaka atapeza njira imene makina akuimva, ngati mmene timaphunzirira kupalasa njinga. Ndipo alipo anthu, pakati pa 15 ndi 30 pa 100 alionse, amene makina a chipewawa sawamva ngakhale ayesetse bwanji. Pali kanthu kenanso kamene kamatikhudza ife eni ake. Timabatani tija timafunika tikhudze khungu, koma zipewa zambiri anazipanga poganizira tsitsi lazungu. Pa tsitsi lathu lopotana, kapena la mayi amene wamanga kumene, timabatani timangoyandama pamwamba ndipo mizere imatuluka yoipa. Ofufuza a pa Carnegie Mellon University ku Pittsburgh anachita kupanga timabatani tapadera tolowa pakati pa mizere ya tsitsi lomanga. Zimenezi zimandiuza kuti zitsanzo zambiri zimene makinawa aphunzirirapo sizinachokere pa mitu ngati yathu.

Njira ina yosafuna kuganizira dzanja inatulukira mu 1988, kwa Lawrence Farwell ndi Emanuel Donchin. Ubongo ukaona chinthu chimene umachidikira pakati pa zinthu zina zambiri, umadzidzimuka pang'ono patangopita gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Kudzidzimukako amakutcha P300. N'chimodzimodzi ndi mmene mtima umadumphira ukamva dzina lako pamene akuitana mayina pachipatala. Iwo anaika zilembo ndi manambala m'mizere 6 yopingasa ndi 6 yotsika, mizereyo n'kumathwanima mosinthana. Munthu amangoyang'anitsitsa chilembo chimene akufuna, ndipo kompyuta imaona mizere iwiri imene yamudzidzimutsa, n'kutenga chilembo cha pamphambano pake. Zimachedwa, zilembo zochepa chabe pa mphindi, koma kwa munthu amene sangathe kunena kuti "ndikumva kupweteka apa", zilembo zochepazo ndi moyo.

Amene akufuna liwiro amalowa m'tchalitchi muja m'malo moima kuseri, ndiye kuti opaleshoni. Kachipangizo kamene kagwira ntchito nthawi yaitali ndi ka Utah, kakang'ono kuposa chikhadabo, kokhala ndi timinga pafupifupi 100 tobaya pamwamba pa ubongo, kalikonse kakumva maselo oyandikana nako. Mu 2004 Matthew Nagle anaikidwa kotereka pa kafukufuku wa BrainGate n'kuyendetsa kamuvi pa kompyuta. Mu 2012 dziko linaona Cathy Hutchinson, amene sitiroko inamupha ziwalo zaka pafupifupi 15 m'mbuyo mwake, akulamulira mkono wa loboti kunyamula botolo la khofi mpaka pakamwa pake. Mu 2021 ofufuza a ku Stanford anauza bambo wina wakufa ziwalo kuti aziganizira kuti akulemba ndi bolopeni, ndipo makina analemba zilembo 90 pa mphindi. Kampani ya Synchron inasankha kusaboola chibade: imalowetsa kachipangizo kake kudzera mumtsempha wa m'khosi mpaka kakafike pafupi ndi chigawo cholamulira ziwalo. Zonsezi zikadali pa kafukufuku, pa anthu owerengeka, ndipo zili ndi zoopsa zake. Bala likhoza kulowa tizilombo, ubongo umamera chipsera kuzungulira timinga tija n'kuyamba kutseka mawu a maselo, ndipo kwa Arbaugh yemwe uja timaulusi tambiri tinasolomoka patangopita masabata ochepa, mpaka akatswiri anachita kukonzanso pulogalamu kuti igwire ntchito ndi totsalato.

Zimene zikanamukhudza kwambiri msuweni wanga ndi za mu 2023. Ku Stanford, mayi wodwala ALS, matenda ofoola minofu pang'onopang'ono, dzina lake Pat Bennett, anatulutsa mawu 62 pa mphindi kudzera m'makina. Ku San Francisco, gulu la dokotala Edward Chang linathandiza Ann Johnson, amene anakhala zaka 18 osayankhula chifukwa cha sitiroko, kufika mawu 78 pa mphindi, ngakhale kuti pafupifupi liwu limodzi mwa anayi alionse linkalakwika. Mu 2024 ku yunivesite ya California ku Davis, Casey Harrell anafika pokhoza mawu 97 pa 100.

Koma makinawa ankamvera chiyani? Ankamvera malamulo amene ubongo umatumiza ku lilime, milomo, nsagwada ndi kholingo. Anthu onsewa chiyankhulo chawo chinali chamoyo m'mutu. Ankadziwa liwu limene akufuna, ankayesa kulitchula, koma uthenga sumafika ku minofu, ngati mlatho wakokoloka pamene galimoto ili bwinobwino. Makina anangokhala bwato lowolotsa. Amalume vuto lawo ndi lina. Sitiroko yawo inagunda kumanzere, m'dera limene dokotala wa ku France Paul Broca analozera mu 1861 kuti ndi lofunika popanga mawu. Lilime lawo limayenda, amatafuna chimanga chokazinga bwinobwino. Chimene chinawonongeka ndi pamalo pamene ganizo limasanduka mawu. Amadziwa chimene akufuna, koma liwu lake silibwera, ndipo makina amene alipo lero sangawolotse katundu amene sanafike padoko. Ichi ndicho chinali chovuta kumuuza msuweni wanga, kuposa nkhani ya ndalama kapena ya mtunda wa ku America.

Tsono tinene kuti anali wodwala wa mtundu winawo, wa mlatho wokokoloka, koma wa kuno kwathu. Pakanabuka nkhani ya chiyankhulo. Makina oyankhulawa sagwira ntchito okha. Zimene amatola mu ubongo ndi timaphokoso tosamveka bwino, ndipo pambuyo pake pamakhala pulogalamu ina imene inawerenga ziganizo zankhaninkhani za Chingerezi, imene imalota kuti liwu loyenera apa ndi liti, monga foni imakumalizira mawu ukamalemba uthenga. Aliyense amene foni yake inamusinthirapo mawu a Chichewa n'kuika zachilendo akudziwa chimene chingachitike. Chichewa chimamanga chiganizo chathunthu m'liwu limodzi, monga "sindidzakuuzaninso", ndiye mndandanda wa mawu ngati wa Chingerezi sungatikwanire. Tilinso ndi mawu osiyana pa kakwezedwe ka liwu kokha, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ndiponso kampweya kamene kamalekanitsa "pala" ndi "phala". Chondilimbitsa mtima n'chakuti mu 2024 gulu la Chang lomwe lija linaonetsa makina akumva Chisipanishi ndi Chingerezi mwa munthu mmodzi, ndipo linapeza kuti ziyankhulo ziwirizo zimagwiritsa ntchito malo ofanana mu ubongo. Mbali ya ubongo ndiye si yotchinga. Chosowa ndi Chichewa cholembedwa ndi chojambulidwa chochuluka, ndipo chimenecho sadzatisonkhanitsira munthu wa ku California.

Za mantha amene anthu ena ali nawo akuti makina adzaulula zamumtima, sindingawapeputse. Lero makina sangamve chimene sanaphunzitsidwe, ndipo munthu akapanda kugwirizana nawo amangotulutsa zopanda pake. Chipewa cha EEG sichingadziwe amene mumamukonda kapena amene munamuvotera. Komabe mu 2025 ofufuza a ku Stanford anaonetsa kuti mwa anthu oikidwa timinga tija, mawu olankhula chamumtima amasiyanso kachizindikiro kofooka kamene makina angathe kutola, mpaka anayesa kuika liwu lachinsinsi loti munthu aliganize kaye makina asanayambe kumvera. Dziko la Chile linasintha malamulo ake aakulu mu 2021 kuti liteteze zochitika za mu ubongo wa nzika zake. Mizere ya EEG ikhoza kuonetsa matenda amene munthu sanauze aliyense, choncho funso lakuti ndani akuisunga ndi lofunika kulifunsa ngakhale pa kafukufuku wamng'ono wa pasukulu.

Kwa ine, phindu lapafupi la luso losankha mizere ya ubongoli silili pa maloboti. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyeso wa kukomoka kwa ana wodziwika padziko lonse ndi dzina la Blantyre, ofufuza akhala akujambula EEG pa ana odwala malungo a mu ubongo. Ena mwa anawa amakhala akugwa khunyu mkati mwa ubongo thupi lili duu, osagwedezeka, ndipo popanda EEG palibe angadziwe. Odwala khunyu nawonso ndi ambiri m'midzi mwathu, ndipo chisamaliro chawo nthawi zambiri chimadzera kwa ogwira ntchito za matenda a maganizo, amene likulu lawo lili konkuno ku Zomba Mental Hospital. Kujambula mizere si kovuta kwambiri. Chovuta ndi kuiwerenga, pakuti madokotala a ubongo m'dziko muno ndi owerengeka. Pulogalamu imene ingayang'ane mizere ya maola ambiri n'kuloza kuti "apa pakukayikitsa, dokotala aonepo" imagwiritsa ntchito nzeru zomwe zija za matemba ndi usipa, sifuna kuboola mutu wa munthu, ndipo ikhoza kuthandiza anthu masauzande. Koma iyenera kuphunzira pa mizere ya ana athu, a malungo athu, ndi kuyesedwa popanda likasa.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Chinamwali. Ine ndi msuweni wanga tinang'amba katoni ya sopo n'kujambulapo kapu, mbale, bedi, chimbudzi, wailesi ndi tchalitchi, chifukwa zilembo zimawasokoneza amalume koma zithunzi amazizindikira. Tinawaikira pamiyendo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza dzanja lamanzere n'kugunda pa wailesi kawiri. Titaitsegula munali kwaya, ndipo iwo anayamba kung'ung'udza nawo, kenako mawu enieni a nyimboyo anatuluka pakamwa pawo, mzere wathunthu, omveka bwino. Zimachitika ndithu kwa odwala otere, chifukwa kuimba kumadalira kwambiri mbali zina za ubongo zimene sitiroko sinazikhudze, ndipo ophunzitsa odwala kuyankhulanso amagwiritsa ntchito nyimbo pa chifukwa chomwechi. Nyimbo itatha msuweni wanga anagwada pafupi nawo n'kuwafunsa kuti, "Abambo, tiwonjezere chithunzi cha chiyani?" Iwo analoza pakhomo, kumene kunali khasu lawo litatsamira khoma.